Sikisite-fote pa denga la Lubuto

Mvula ya mu Malichi ikamagwa ku Kabwata, nyumba ya Lubuto inkasanduka kwaya. Beseni la pakhomo la kuchipinda linkatsogolera nyimbo, chidebe cha pafupi ndi mashini osokera chinkavomera ndi mawu a pansi, ndipo poto wothyoka chogwirira, wokhala pamwamba pa kabati, ankangothira ndemanga mwa apo ndi apo. Mwini nyumba anali atazolowera. Ankakankha mashini ndi bondo kuwachotsa podontha, n'kufunditsa madiresi a ukwati chipepala cha pulasitiki, n'kupitiriza kupalasa. Denga linali la asibesitosi, lomwe lija atsamunda anafolerera antchito awo, ndipo linali litang'aluka ngati chidendene cha mlimi. M'ming'alu yake munali nsanza, sopo, pulasitiki wosungunula ndi zidutswa za machubu a njinga, zigamba za zaka zambiri zimene aliyense wokhalamo anasiyapo dzanja lake.

M'nyumbamo munkakhala malemu amayi ake, a Emmy, ndipo boma litayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo, Lubuto anaigula. Salaula, zovala zakunja zovalidwa kale zija zinasefukira m'misika, inali itapha atelala ambiri mu Lusaka. Koma palibe mkwatibwi amene amafuna kulowa m'tchalitchi ndi diresi la ukwati wa mzungu umene mwina unatha kalekale. Choncho Lubuto ankadyera maukwati. Mwamuna wake, woyendetsa malole a ku Nakonde, ankapezeka pakhomo ngati mwezi, kuoneka n'kusowa.

Lamlungu lililonse masana, pa mpando wa pakona pankakhala mlendo wovala jekete lolemera losayenera dziko lotentha. Anali bambo ake omubereka, Killian Besa. Anachoka Lubuto akugweruka mano, kupita ku Mangalande kukawonjezera maphunziro a sayansi ya mankhwala, akulonjeza kuti sakachedwa. Makalata ake anayamba kuonda, kenako anafa. A Emmy anamwalira iye kulibe. Anabwerera zaka zoposa makumi awiri zitadutsa, imvi zili mbuu, atanyamula masutukesi awiri ndi mkwiyo wa munthu wopeza kuti mzinda sunamudikire. Cairo Road amene anamusiya wosesedwa bwino, wa mithunzi ndi mashopu a mabuku, anamupeza akugulitsirapo tomato, malamba ndi mankhwala a makoswe. Fakitale ya boma ya utoto ndi guluu kumene anayambira ntchito inali itagawidwa pawiri: mbali ina tchalitchi cha zozizwitsa, mbali ina mosungira mabisiketi a ku Joni. Dziko linali litasiya kupanga zinthu, linkangotsegula makatoni.

Ankagona m'kanyumba ka wantchito kuseri kwa nyumba ya munthu wina ku Woodlands. Koma mtima wake unali pa kachipinda kowonjezera ka kumbuyo kwa nyumba ya Lubuto, kofolera ndi malata, kamene munkangokhala zidutswa za nsalu. Sanapemphe poyera, ndipo Lubuto sanakane poyera. Ankamupatsa tiyi n'kumamutchula kuti “imwe”, monga mmene munthu amatchulira amene wakwera naye basi.

Tsiku lina dontho linagwera m'kapu mwake mwenimweni.

“Pepani,” anatero Lubuto, osaimitsa mashini. “Mvula ikatha nizachosa vonse ivi, niike malata. Nakhala nisunga pang'ono pang'ono.”

“Malata?” Killian anakweza maso kudenga ngati dokotala woona wodwala amene anzake amutaya msanga. “Denga ili silinafe, mwana wanga, likungofuna khungu. Ku fakitale tinkapanga utoto wotseka madenga, tinkautcha sikisite-fote. Ukapaka umenewo, ngakhale mvula igwe ndi achule omwe, m'nyumba mumakhala mouma gwa. Ndikhoza kuupanganso. Zimene wasungazo ugulire mashini ena.”

“Sikisite-fote? Ba tata Katongo amaikamba maningi iyo. Ati madenga yamene anapaka ku Longacres yakali olimba mpaka manje. Muzagwila nao pamodzi?”

Mawu akuti “ba tata” anamulasa pamene pankapweteka kale. Abednego Katongo anali mnzake wa kalasi imodzi ku yunivesite, digiri imodzi, fakitale imodzi. Killian atapita kunja, Katongo anatsala. Ndiye amene pamodzi ndi mkazi wake ankapita ndi a Emmy kuchipatala, ndiye anayendetsa maliro, ndiyenso anakhala pa mpando wa bambo tsiku la ukwati wa Lubuto. Fakitale itagwa anatsegula shopu ya misomali, maloko ndi utoto wakunja ku Kamwala. Killian akanamukhululukira zoipa zilizonse, koma zabwino zochuluka chonchi sakanatha.

“Sindifuna wondigwira dzanja,” anatero. “Sikisite-fote inatuluka m'mutu uno.”

Apa Lubuto anaimitsa mashini. Anamuyang'ana nthawi yaitali, monga mmene amayang'anira nsalu yodula asanaikepo sizasi.

“Chabwino. Koma muziwe ati nyumba iyi na madilesi aya ndiye vonse vamene nili navo. Mvula yoyamba ikagwa osadontha, mubwele na masutukesi yanu. Kachipinda kaja nizakasesa.”

Ndi zimene anabwera nazo kuchokera kunja, Killian anachita lendi shedi ku Chinika, kumene mafakitale akufa amaonetsa nthiti zawo. Pa okushoni anagula mphika wachitsulo wa injini yotakasira, umodzi mwa omwe aja ankaidziwa ali mnyamata. Migolo ya mankhwala inabwera pa lole kuchokera ku Joni, popeza tsopano malire anali otsegukira chilichonse.

Utoto wa mtunduwu mtima wake ndi chinthu chimene akatswiri amati kopolima. Mumatenga mankhwala awiri amadzimadzi n'kuwatakasa m'madzi otentha a sopo, ndipo tizidutswa tawo tosaoneka ndi maso timalumikizana ngati mikanda ya mitundu iwiri pa ulusi umodzi wautali. Mkanda wina ndi wolimbitsa: pawokha umauma ngati galasi. Wina ndi wofewetsa: pawokha umanata ngati ulimbo. Luso lonse lagona pa kuchuluka kwa uwu ndi uwo. Wolimbitsa ukachuluka, utoto umathetheka kukazizira. Wofewetsa ukachuluka, umagwira fumbi ndi ntchentche. Sikisite ya wolimbitsa, fote ya wofewetsa: dzina lenilenilo linali malangizo.

Koma ataima kutsogolo kwa sikelo, ndowa ili m'manja, Killian anamva kanthu kakumuluma kuseri kwa khutu. Sikisite ya chiyani? Mikanda iwiriyi si yolemera mofanana. Pamene wolimbitsa ukulemera handiredi, wofewetsa umalemera handiredi eyite-folo, pafupifupi kawiri. Kondakitala wa minibasi amawerenga mitu, alibe nazo kanthu kaya wakwera ndi mayi wa thupi lake kapena mwana wa sukulu. Wogulitsa nyama amayeza makilo, sawerenga nthuli. Sikisite-fote ya mitu ndi sikisite-fote ya makilo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masamu osinthira kuchoka ku makilo kupita ku mitu ankawadziwa ngati pemphero la Atate Wathu: kugawa kulemera kwa mankhwala ndi kulemera kwa mkanda wake umodzi, basi. Chimene chinamuthawa n'chakuti dzina lija linkanena ziti.

Anafufuza m'mutu. Anaona bolodi la mu labu, choko, alangizi aja a ku Yugoslavia osuta fodya ngati uvuni wa njerwa, koma manambala ake anali atafufutika. Ku Mangalande, kumene sanafike pa mpando umene ankalola anthu kuganiza kuti wafikapo, anatha zaka zambiri pa kampani ina ya utoto akusainira matikiti a zosakaniza, ndipo kumeneko zonse zinali za pa sikelo. Anthu otukuka amayeza, anadziuza motero. Komabe ankadziwa kuti mu Lusaka monse munali munthu mmodzi amene akanathetsa funsolo ndi liwu limodzi, ndipo shopu yake inali pa mtunda wa basi imodzi.

Munthuyo, Katongo, anabwera yekha osaitanidwa. Analowa m'shedimo akutsimphina ndi bondo lake lovuta, dazi likuwala, m'manja muli chinangwa chootcha ndi mtedza zokulunga m'nyuzipepala.

“Shani, mune, munzanga wakale. Namva fungo ya mankhwala yako kuchokela ku Lumumba Road, nati uyu ni Killian chabe. Kulibe wina angaphike nthochi zoola mu Lusaka.”

“Uli bwanji, Abednego. Wanenepa.”

“Ni njala iyi, imatupisa. Iwe ndiye waonda. Azungu sanali kukupasa vakudya, olo unali kudya madigili?” Anaseka yekha, n'kusisita mphika wachitsulo uja ngati ng'ombe yake yakale. “Nambala thili uyu. Valavu ya pansi imauma mutu, uziimenya pang'ono na sipanala, imamvela.” Kenako maso ake anagwa pa sikelo ndi pa migolo iwiri yotsegula. Kuseka kunachepa. “Manje pa sikelo uikapo zingati? Chifukwa uja sikisite-fote...”

“Ndinakuitana?”

“Lubuto ananiuza ati...”

“Lubuto ndi mwana wanga. Unakhala pa mpando wanga pa ukwati wake, ndakhala chete. Akukutcha tata ine ndili pompo, ndakhala chete. Tsopano ukufuna ukhalenso m'mutu mwanga? Iwe unali wotakasa, Abednego. Woganiza ndinali ine.”

Katongo anaika chinangwa chija pamwamba pa mgolo, n'kupukuta manja pa buluku.

“Mpando uja unalibe munthu, mune. Sininachosepo aliyense. Shopu yanga uiziwa.”

Anatuluka pang'onopang'ono, chifukwa cha bondo, mwinanso pofuna kupereka mpata woti aitanidwe. Funso linali pa nsonga ya lilime la Killian. Analimeza pamodzi ndi malovu. Phokoso la nsapato litazilala, anayeza makilo sikisite a wolimbitsa ndi makilo fote a wofewetsa, n'kuyatsa injini.

Chimene chinatuluka mumphikamo chinali chokongola, choyera ngati mkaka, choterera pa chala. Mvula itasiya, dzuwa la mu Epulo likadali ndi mphamvu, Killian anayala matabwa padenga n'kukwera. Kuti utoto ugwire bwino anayamba wapala zigamba zonse zakale, nsanza za a Emmy, machubu amene Katongo anadzamatapo, pulasitiki wa Lubuto, n'kuziponya pansi monyansidwa. Ming'alu inatsala yasaa. Anayala timizere ta nsalu pamwamba pake, napaka utoto wake kawiri. Pomaliza, denga linkathobwa m'maso.

“Ba Lubuto,” anafuula mayi wa nyumba yoyandikana, “manje na denga yanu mwaivalika velo? Ikwatiwa liti?”

Lubuto anaseka, ndipo Killian anazindikira kuti aka kanali koyamba kumva kuseka kwa mwana wake ali wamkulu. Zosunga za malata zija zinagula mashini omangira m'mphepete mwa nsalu ndi mipukutu ya satini. Lubuto analandira maoda a maukwati a mu Disembala ochuluka kuposa chaka china chilichonse. Mabeseni anabwerera kukhitchini, chipepala cha pulasitiki chinapita kukafolera khola la nkhuku la mnansi. Malamlungu anayamba kutalika. Lubuto ankamufunsa za chipale chofewa, za masitima oyenda pansi pa nthaka, ndipo tsiku lina, akudula ulusi ndi mano, anamufunsa ngati kumeneko ankawakumbukira. Killian anati tsiku lililonse. Linali bodza pang'ono pokha.

Kenako inafika Juni, ndi mphepo yake ija yodutsa m'mafupa imene anthu akunja sakhulupirira kuti ku Africa iliko. M'mawa wina Killian anakwera padenga kukaona ntchito yake. Poyamba anayesa ndi ulusi wa akangaude. Atagwada anaona kuti ndi timing'alu, tating'ono ngati tsitsi, toyenda motsatira ming'alu yakale ya pansi. Anakanda m'mphepete ndi chikhadabo. Kachidutswa kanatuluka, ndipo atakapinda sikanapindike. Kanathyoka ngati chigoba cha dzira.

Munthu wophunzira sasowa womunamizira mlandu. Killian anati ndi madzi a mu Lusaka, odzaza laimu. Anati ndi fumbi la asibesitosi. Anati ndi anthu a ku Joni, amene amatitumizira zotsalira zawo podziwa kuti tilibenso ma labu oyezera. Zonsezi zinali zotheka, ndipo anazikhulupirira mpaka masana. Koma kanthu kaja ka kuseri kwa khutu kanali katadzukanso, ndipo madzulo ake anapezeka atakwera basi ya ku Kamwala.

Anaima tsidya lina la msewu, pakati pa ogulitsa zitenje ndi okankha mawilibala. Shopu ya Katongo inali yotsegula. M'katimo munali Lubuto, atatsamira pa kauntala, akuthira tiyi wa mu fulasiki m'kapu ya mkuluyo, akumukalipira mwachikondi kuti samavala juzi. Katongo ankadziteteza ndi manja onse awiri, akuseka. Panalibe choipa chilichonse pamenepo. Killian anangoyenera kuwoloka msewu, kupereka moni, n'kunena kuti, mune, inali ya mitu kapena ya makilo? Koma anadziona akufunsa funsolo pamaso pa mwana wake, woganiza akupempha nzeru kwa wotakasa. Anatembenuka n'kukwera basi yobwerera.

Anadikira Okutobala. Dzuwa la mwezi umenewo limafewetsa chilichonse, ndipo denga linaoneka ngati lachira lokha. Killian anatenga utoto wotsala mu mgolo n'kupakanso pamwamba, wokhuthala, kufikira timing'alu tonse titabisika. Lubuto atafunsa, Killian anati ndi mmene ntchito yake imayendera, chovala chachitatu cha utoto chimaikidwa mvula ili pafupi. Kwa mwini nyumba wa ku Woodlands ananena kuti kumapeto kwa Novembala atuluka, apeze wina.

Loweruka lina chakumapeto kwa mweziwo, Lubuto anapita ku tauni kukagula mazipi ndi mikanda ya pa velo, n'kusiyira bambo ake makiyi. Kanali koyamba. Pa waya wodutsa pabalaza panapachikidwa madiresi omalizidwa, a akwatibwi ndi a operekeza awo, oyera, apinki, agolide, ngati anthu oima pa mzere kudikira chithunzi. Masana mitambo inadza kuchokera cha ku Chelstone, yakuda bii. Mphepo inanyamula fumbi ndi mapepala a m'misewu, kenako kunazizira mwadzidzidzi. Killian anakhala pa mpando wake wa pakona, manja pa mawondo, kudikira chiweruzo.

Madontho oyamba anagwa, olemera. M'nyumba munali mouma. Anayamba kumwetulira. Kenako kunabwera matalala.

Anamenya denga ngati ana oponya miyala mumtengo wa mango, ndipo pansi pa phokosolo Killian anamva lina, laling'ono, ngati munthu akuponda magalasi. Khungu lija, litazizidwa n'kuuma, linkasweka. Zidutswa zake zinatsetsereka n'kutseka ngalande za denga, madzi anasowa kopita, nabwerera m'mbuyo kufuna khomo. Makomo analipo ambiri. Ming'alu imene kale inkadontha kudzera m'nsanza tsopano inali pakamwa pululu. Madzi sanadonthe ayi, anathira, ndipo potsika anatsuka mwaye wa mbaula wa zaka makumi anayi umene unali pa mitanda, n'kufika pansi akuda ngati khofi.

Killian anathamangira waya uja. Manja anali awiri, madiresi anali ambiri. Anakumbatira atatu, nathamangira kuchipinda, napeza bedi lili dziwe. Anatulukira panja kuti akafike ku kachipinda ka malata, ndipo pakona pa nyumba phazi linaterereka, anagwa chafufumimba m'matope ofiira, satini ali pansi pake. Anadzuka, nabwereranso, natenga ena. Pamene mvula inkasiya, anali atapulumutsa madiresi awiri a operekeza ndi velo limodzi.

Lubuto anafika atanyowa, kachikwama ka mazipi kali m'manja. Anaima pakhomo. Sanalire, sanakuwe. Analowa m'madzi ofika m'kakolo, nakweza diresi limodzi la mkwatibwi kuliyang'anitsa kuwindo, nalibwezera pa waya mosamala ngati likadali ndi ntchito. Kenako anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta mashini atsopano aja.

M'mawa mwake mbiri inali itayenda. Kunabwera galimoto kuchokera ku Kabulonga, mukutuluka mayi amene mwana wake ankakwatiwa Loweruka lotsatira.

“Manje mwana wanga azavala chani, thaulo? Nsalu iyi inachokela ku Dubai, imwe. Anzanga ananiuza ati osapeleka vinthu ku komboni, ine sininamvele.”

Killian anaona mwana wake akugwada pa simenti yonyowa, akuomba m'manja, akupepesa ndi mawu a pansi, mayi uja akuyang'ana kumbali. Ena anabwera pambuyo pake kudzatenga nsalu zawo, ngakhale zimene sizinanyowe. Dzina la telala wa maukwati lili ngati diresi lomwelo, likathimbirira silichapika.

Katongo anafika chakumasana pa kagalimoto ka katundu kobwereka, atanyamula tenti yaikulu yofundira malole. Anyamata a pamsika ataikokera padenga, iye anatola kachidutswa koyera pansi pa mtengo wa mapeyala pamene Killian anakhala, nakathyola pakati pa zala.

“Unaika makilo angati?”

“Sikisite ndi fote.”

Katongo anatseka maso. Sanaoneke ngati munthu wopambana. Anaoneka wokalamba.

“Inali ya mitu, mune. Iwe unali kulemba mitu pa bolodi, mwamene aja ma Yugo anali kufunila. Ine n'nali kusintha kupeleka ku sikelo. Fote-faifi wolimbisa, fifite-faifi wofewesa. Ndiye vamene n'nabwelela tsiku ija.”

Mutu wa Killian, umene sunamukhumudwitsepo pa masamu, unagwira ntchito wokha. Sikisite kugawa ndi handiredi, ziro poyinti sikisi. Fote kugawa ndi handiredi eyite-folo, ziro poyinti thu ndi kanyenyeswa. Pa mikanda handiredi iliyonse ya pa ulusi wake, yofewetsa inali twente-seveni yokha pamene pankafunika fote. Sanapake denga khungu, analipaka galasi. Kuwerengerako kunamutengera nthawi yochepa kuposa kuyatsa ndudu.

Sanaone kuti Lubuto waima kumbuyo kwawo ndi ndowa ya madzi akuda.

“Ba tata anabwela ku shedi kwanu?”

“Anabwera.”

“Na imwe munali na chikayiko?”

Killian anafuna kunena za laimu wa m'madzi, za anthu a ku Joni, za matalala amene palibe akanawalosera. Anayang'ana mawondo a mwana wake, akadali ndi zipsera za simenti.

“Ndinali nacho.”

“Kuchokela liti?”

“Kuchokera pachiyambi. Mu Juni ndinaona ming'alu.”

Lubuto anathira madzi aja pa tsinde la mtengo, nagwedeza ndowa kuti atsike onse.

“Mu Juni n'nali nikalibe kugula satini yonse,” anatero, ngati akudziuza yekha. “Malata yanali yakali kukwanisika.” Anaika ndowa ija pansi. “Kachipinda ka kumbuyo ndiye kasala kouma. Nizaikamo mashini, na ine nizayamba kugona mwamene muja mpaka mvula ikathe. Malo yena kulibe. Pa Sondo musazivute kubwela, nizankhala na nchito.”

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinapweteka. Anatambasula dzanja, ndipo panapita kanthawi Killian asanazindikire kuti akufuna makiyi.

Katongo anamuperekeza mpaka pa siteji ya basi, nanena kuti kunyumba kwake ku Chelstone kuli chipinda cha mwana wake amene anapita ku Botswana. Killian anathokoza n'kukana. Ku Woodlands anapeza wolowa m'malo mwake atayamba kale kutula katundu pakhonde. Anasamukira ku shedi ya ku Chinika, nayala matiresi pafupi ndi mphika wachitsulo uja, m'fungo la nthochi zoola limene silichoka m'zovala. Ankatha tsopano kupanga sikisite-fote weniweni, wosalakwika ngakhale ndi mkanda umodzi, koma mu Kabwata monse munalibe munthu amene akanamulola kukwera ngakhale pa denga la chimbudzi. Tenti ya lole inakhala pa nyumba ya Lubuto nyengo yonse ya mvula, ikukupiza ndi mphepo, yooneka kuchokera pa msewu waukulu. Basi ikamadutsa pamenepo, Killian ankayang'ana mbali inayo.

Mu Lusaka wa zaka zimenezo munali anthu ambiri amene nthawi inawathyola msana popanda kulakwa kwawo: ochotsedwa ntchito, akatswiri ogulitsa makandulo, aphunzitsi osandutsa mabuku awo zokulungira mtedza. Killian ankakonda kudziwerengera m'gulu limenelo, ndipo akapeza womumvera ankadandaula za dziko limene linagulitsa mafakitale ake. Zambiri zimene ankanena zinali zoona. Koma si boma limene linamulanda kachipinda kaja, si azungu, si matalala. Anapatsidwa chisa cha njuchi m'manja, uchi ukuchucha, mwini wake wodziwa kadyedwe ataima pomwepo ndi chinangwa chake m'nyuzipepala, iye n'kuona kuti kufunsa n'kudzichepetsa. Akuluakulu anamuona kale munthu wotere asanabadwe, ndipo anamupatsa dzina limene silimuchoka: safunsa anadya phula.